Tsiku lomwe ndinapempha apongozi kuti andikalipire

Mpaka lero ndikamva Chifalansa, ngakhale mu thiramu, kasitima ka m'tauni, mtima umandigunda. Ndipo palibe wondilodza, ndinaziyamba ndekha.

Ndinali pa chibwenzi ndi Nadine, namwino wa ku Congo, ndipo mayi ake anachokera ku Lubumbashi kubwera ku Bilston, komwe timakhala, kudzamuona. Nadine anandiuza mosabisa kuti mayi akandikana, za ukwati ndiiwale. Vuto linali lakuti mayiwo Chizungu samva, amamva Chifalansa.

Ndinathamangira kwa Didier, mnzanga wa ku Abidjan yemwe timanyamula naye makatoni ku West Bromwich. Ndinamupempha mawu a Chifalansa, n'kumuuza kuti kwathu mkamwini amadzichepetsa, amati, "Ndine mwana wanu, ndikalakwa muzindidzudzula."

"Zophweka izo," anatero Didier. "Ukangoti engueulez-moi, basi." (Ankaseka, koma Didier amaseka ngakhale alamu ya moto ikulira, ndiye sindinakayike.)

Sabata yonse pa shifiti ndinkaloweza mawuwo. Tsiku litakwana ndinavala suti, ndinagwada pa kapeti, maso pansi mwaulemu wakwathu, n'kuwanena momveka bwino. Kawiri.

Nadine anagwira pakamwa. Mayi anavula magalasi pang'onopang'ono. Apo m'pamene Nadine anandinong'oneza kuti mawuwo si kudzudzula kwachikondi ayi. Ndi mawu a mumsewu, otanthauza kukalipira munthu mokuwa mpaka aneba amve, ndipo kwa akuluakulu satchulidwa.

Koma mayi anali atalandira kale pempho langa. Anayamba ndi zaka zitatu zomwe ndinachedwetsa mwana wawo. Anafika pa ndevu zanga. Anafunsa kuti ndaba chiyani, popeza sindikuwayang'ana kumaso. Nadine ankamasulira chilichonse mokhulupirika, mwinanso mopitirira (mayi a ku Lubumbashi anadziwa bwanji kuti sindiyankha mameseji?). Mawondo anachita dzanzi, thukuta lili kamukamu. Manyazi ake, abale, ndinkafuna kulira, ndipo ndinadziwa kuti mkazi wandipulumuka.

Atatopa anamwa madzi, n'kunena mawu ochepa motsitsa.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti amuna ena amathawa pakati, iwe wapirira mpaka kumapeto. Avomera."

Tinakwatirana. Ndikanati ndaphunzira kusatola Chifalansa pa makatoni, koma phunzirolo linabwera mochedwa. Lamlungu lililonse apongozi amaimba pa vidiyo, ndipo ndikati ndizembere kubafa, Nadine amandikoka malaya.

"Khala pansi, bambo. Unapempha wekha, chogwada."