Nyimbo imene ndinajambula pamwamba pa mpanda ku Mbayani

Anzanga, buku likhoza kupusitsa munthu wamkulu ndithu. Langa ndinaligula kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni mu Blantyre, lopanda chikuto, lonena za bambo wina wa ku Russia wopeka nyimbo, wandevu zofika pachifuwa, dzina lake ndikati nditchule lilime limachita mfundo. Bamboyo ndinamukonda ngati malume anga. Ankaphunzitsa pasukulu yaikulu ya nyimbo, koma tchuthi chikafika ankayenda m'midzi, kukhala pansi ndi alimi, kumvetsera zimene akuimba, kenako n'kuzikonza kuti ziimbidwe ndi kwaya ya mabesi ogunda m'mimba. Ine woimbitsa kagulu ka abambo anayi kutchalitchi kwathu ku Nkolokosa ndinati, nanga ineyo chingandilepheretse n'chiyani?

Nthawi imeneyo chinkhoswe changa ndi Esnart chinali pafupi, ndipo mayi ake, Alomwe a ku Phalombe, sankandiwerengera. Ankauza anthu kuti mwana wawo watola mnyamata wobadwira m'tauni, wosadziwa mwambo, woti khasu amalionera pa kanema. Zinkandiwawa, chifukwa Esnart ndinkamufuna ndi mtima wonse. Ndiye ndinati ndipeze nyimbo yeniyeni ya Chilomwe, ndiikonze ngati mnzanga wa ku Russia uja, tikaimbe pachinkhoswe, apongozi andione kuti ndine munthu.

Kumudzi kwathu sindikudziwa n'komwe, ndiye Loweruka lina masana ndinalowera ku Mbayani, foni m'manja. Ndikudutsa kuseri kwa nyumba ina ndinamva amayi akuimba m'kati, m'manja mukuwombedwa, kang'oma kakulira pansipansi. Chilomwe sindimva koma kamvekedwe kake ndimakadziwa. Zitseko zotseka, makatani otseka, pabwalo palibe mwamuna ngakhale mmodzi. Munthu wanzeru akanadzifunsa chifukwa chake, eti? Ine ndinangoti akuopa fumbi, n'kukweza foni pamwamba pa mpanda.

Nyimboyo ndinaichedwetsa, ndinaipatsa ulemu ngati ya pa Mgonero, mabesi pansi. Mawu ake tonse anayi tinangowaloweza osamva kanthu. Yamikani, wa besi, anafunsa ngati sitingapeze kaye Mlomwe atiuze tanthauzo. Ndinamuyankha mwamatama kuti nyimbo yabwino sifuna womasulira. Esnart nayenso ndinamubisira, kuti akadabwe limodzi ndi mayi ake.

Tsiku lija ankhoswe atamaliza zawo ndinaimirira, tayi pakhosi, n'kulengeza kuti iyi ndi nyimbo ya makolo imene ndaifufuza ndekha, mphatso yanga kwa mayi a Esnart. Tinayamba, maso otseka, dzanja pachifuwa. Mzere woyamba, tenti yonse zii. Ndinati yawalowa. Mzere wachiwiri ndinamva wina akutsamwa. Nditatsegula diso limodzi ndinaona azakhali a Esnart aphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinati akulira, n'kukodola anyamata kuti tikweze. Inu, tinakweza! Esnart mutu uli pamaondo, abusa akuyang'ana nsapato zawo, ife tikubwereza kolasi mwachifatse.

Kenako mayi wina wachikulire anaimirira n'kuyamba kudula chiuno, amayi onse n'kulowerera ndi nthungululu. Apo mpamene azakhali aja anandikoka jekete n'kundinong'oneza kuti imeneyo ndi nyimbo ya kuchilangizo, imene alangizi amaimbira mkwatibwi pomuuza zimene mwamuna weniweni ayenera kukwanitsa kuchipinda, ndipo mwamuna saloledwa ngakhale kuimva. Anandimasulira mzere umodzi wokha. Musandifunse, pano sindingaubwereze.

Mumtima ndinati ukwati wathera pompano. Mayi a Esnart anandiitanitsa, ndinapita n'kugwada. Anandiyang'ana kwa nthawi, akupukuta misozi ya phwete ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo, nyimboyi anakuphunzitsani ndani?"

"Ndinaimvera pa mpanda, mayi."

"Chabwino. Mwana wanga mutenge. Koma poti zimenezi mwalonjeza pamaso pa anthu onsewa, abusa ali mboni, tiona ngati muzikwanitse."

Esnart ndi mkazi wanga lero, ndipo apongozi akabwera kunyumba amang'ung'udza kanyimbo kaja akusenda mbatata, osandiyang'ana. Ine nyimbo yotuluka m'nyumba yotseka zitseko masana, ikome bwanji, ndimadutsa foni ili m'thumba, zala zili m'makutu.