Chimbale cha Malemu Apongozi

Lolemba

Ndatsegula laputopu m'mawa uno, ndapeza ngati si yanga. Dzulo inandipempha kuti idzikonze, akuti apudeti, ine n'kuvomera monga umavomerera mlendo wopempha madzi akumwa. Lero mlendoyo wasuntha mipando yonse m'nyumba. Kabatani koyambira kachoka pakona pake, kakhala pakati. Zimenezo ndikanapirira. Koma pulogalamu yoonetsera zimbale aichotsa! Ndalowetsa chimbale, chazungulira, chalira pang'ono, kenako zii.

Loweruka lino tikuvundukula chiliza cha malemu apongozi anga aamuna, kumudzi kwa akazi anga kuseri kwa Vubwi. Ndinalonjeza ndi pakamwa pangapa kuti ndikaonetsa chimbale cha ukwati wathu, pomwe malemuwo akulankhula. Apongozi aakazi akufuna kumvanso mawu a amuna awo. Chimbale n'chimodzi chomwechi, ndipo wojambula wake anasamukira ku Lusaka kalekale.

Nanenso ndili ndi changa chamumtima. Tsiku la ukwatilo malemu anandigwira paphewa pamaso pa anthu, nati: "Uyu si mkamwini, ndi mwana wanga." Alamu anga a Yohane amati mawu amenewo sanawamve, iwo anali kuseri kootcha nyama. Mpaka lero amanditcha "mlendo wathu wa ku Katete", ndipo nkhani ya banja ikayamba amandituma kukaona ngati mbuzi zalowa m'khola. Zimandiwawa. Loweruka amve ndi makutu awo!

Lachiwiri

Ndapeza pomwe eni ake a sisitimu imeneyi alemba chifukwa chawo. Akuti achotsa zinthu zimene anthu anasiya kugwiritsa ntchito, kuti moyo wanga upepuke. Anthu ake ati? Ine sindine munthu? Anabwera liti pano pa Katete kudzandifunsa?

Zimene zasowa:
yoonetsera zimbale ija;
kamasewero ka makadi, kamene kakhala kakundipulumutsa pa misonkhano ya aphunzitsi;
pulintala ya kusukulu, akuti sakuidziwa, chikhalirecho akhala akudyera limodzi zaka zonsezi.

Zimene andipatsa osapempha: nyengo ya mizinda yomwe sindidzapondako, ndi kabokosi kaulemu kondifunsa kuti kandithandize chiyani lero. Ndakalembera kuti kabweze zimene kaba. Kandiyankha mwaulemu ndithu kuti mwina yakwana nthawi yogula laputopu ina. Mwano wake!

Ndayesa kubwerera ku sisitimu yakale. Akuti anaifufuta kuti ndikhale ndi malo ambiri. Malo oti ndigonepo? Ndayesa kukoka pulogalamu ina pa intaneti. Akufuna akaunti, akaunti ikufuna nambala yachinsinsi, nambalayo aitumiza ku foni yomwe inagwera m'chitsime chaka chatha.

Amake Tamanda, akazi anga, akuti ndidye kaye. Sindikumva njala.

Lachitatu

Ndaweruka msanga, chimbale ndachikulunga m'mpango, ulendo wa kumsika.

Mai Zulu, amene amaikira anthu nyimbo m'mafoni, achitembenuza uku ndi uku ngati ndawabweretsera ndalama ya nthawi ya Welensky. Akuti: "Aphunzitsi, ivi ni vakale. Manje ngakhale agogo ali na memori kadi." Makompyuta awo onse alibe kakhomo kolowetsera chimbale. Akuti ndichipereke kwa kondakitala wa minibasi akachisiye kwa mnzawo ku Chipata. Mawu a malemu m'thumba la kondakitala, pamodzi ndi zitsa za ndudu? Ndakana.

Kometera tsitsi kuli deki yakale yoonetsera zimbale, pano amangoikapo wailesi. Taipukuta fumbi. Yatsegula pakamwa, yameza chimbale, yakana kulavula. Wometa wachita kuitsegula ndi mpeni. Chatuluka chamoyo, ndathokoza Mulungu pomwepo.

Ndadzera kwa abusa. Laputopu yawo ndi ya mtundu wina uja, yopyapyala, mphatso ya alendo. Aitamanda kuti siidwala, siichedwa, siisuntha zinthu za mwini wake. Ndaizungulira mbali zonse, palibe polowetsera chimbale. Ngakhale fulashi imafuna kachingwe kakekake, komwe abusa anakaiwala ku msonkhano. Kukongola kwake n'kwa kapu ya m'kabati, yosamwera tiyi. Andipempherera, ndabwerako.

Lachinayi

Nkhani yafika m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo aliyense wasanduka katswiri. A Sakala akuti cholakwa n'changa, yawo sinalawepo intaneti chiigulire, ili ndi zonse zimene inabadwa nazo. Zoona, koma imatenga nthawi yophika nyemba kuti iyake, ndipo sabwereketsa munthu.

A Mbewe, mphunzitsi wa makompyuta, aimirira. Iwo ndi a sisitimu yaulere ija, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka. Akuti ilibe mwini, siichotsa kanthu popanda chilolezo, ndipo imadzutsa ngakhale makina amene anafa kale. Akuti: "Anzanga, mudzakhala akapolo mpaka liti?" Ine ndinakulira mu mpingo, mlaliki ndimamudziwa akangotsegula pakamwa. Ndawafunsa funso limodzi, ngati imaonetsa zimbale. Aseka, akuti imaonetsa ndi zokalikakalika zomwe.

Ndinali ndisanavomere. Koma masana amake Tamanda andipatsira uthenga wochokera kumudzi, poti ine ndi apongozi aakazi sitilankhulana maso ndi maso, zonse zimadzera mwa mwana wawo. Akuti alengeza kutchalitchi. Abale a ku Malawi akubwera, a ku Mozambique akubwera, onse kudzaona malemu akulankhula. A Yohane nawo awonjezerapo kuti abwereka sipika yaikulu, "kuti mlendo wathu asadzanamizire zipangizo".

Wakufa saopa kununkha. Laputopu ndaipereka kwa a Mbewe.

Lachisanu

Yabwera ndi nkhope yachilendo, koma yayaka msanga, ndivomereze. Ndafunsa komwe kuli mayeso a teremu ino, amene ndakhala ndikulemba chitsegulire sukulu. A Mbewe andiyang'ana modabwa: "Simunasunge pena?" Sananene! Sisitimu yosachotsa kanthu popanda chilolezo yachotsa zonse tsiku loyamba lomwe.

Za mayeso ndazisiya kaye. Talowetsa chimbale.

Chatuluka! Amake Tamanda ali mu velo, ine wowonda ngati bango mu suti yobwereka, ndipo uko malemu akudzuka pampando, akukonza jekete. Ndatsala pang'ono kuwakumbatira a Mbewe.

Mawu palibe.

Akuti ndi nkhani yaing'ono, makina sanadziwane bwino ndi sipika zake. Atsegula kawindo kakuda bii, ayamba kulembamo zinthu zosawerengeka, akung'ung'udza ngati sing'anga. Kawindo kayankha zambirimbiri, mawu osabwera. Kenako akumbukira kuti ali ndi ulendo wa ku Sinda, galimoto ikuwadikira. Akuti ndiwaimbire mawa ndili kumudzi, adzandiuza zolemba pafoni, n'zochepa chabe.

Ndiye kuyerekeza kwanga ndi uku. Yakale ija inali ndi maso ndi pakamwa, anaipha eni ake. Yatsopano ili ndi pakamwa, yakana kuona. Ya abusa ilibe ndi pakhomo pomwe. Ya a Mbewe ikuona koma ndi bubu. Anthu ophunzira onsewa alephera chimene deki ya kometera tsitsi inkachita isanakalambe!

Loweruka

Kumanda zayenda bwino. Nsalu yachotsedwa, chiliza n'chokongola, kwaya yaimba. Titadya, anthu adzaza m'chisakasa, ana kutsogolo, laputopu pa tebulo la kutchalitchi.

Ndazemba kukaimbira a Mbewe. Foni yandilandira ndi uthenga: takulandirani ku Malawi. Ndakwera pachulu: takulandirani ku Mozambique. Ine ndaima m'Zambia, pamunda wa apongozi anga! Kulikonse akundilandira, koma palibe dziko lomwe likundilola kuimba foni.

Ndabwerera. Ndalumikiza sipika ya a Yohane, ndakweza mpaka pamapeto. Malemu adzuka, akonza jekete, atsegula pakamwa. Chete. Akutambasula manja, akugwedeza mutu, anthu akumva nkhuku zokha kuseri kwa nkhokwe. Ndikuona a Yohane akukonza kukhosi, nkhope yawo ikuwala ngati alandira mphatso.

Asanayambe, apongozi aakazi akoka mphasa yawo mpaka patsogolo pa tebulo, pafupi ndi ine kuposa kale lonse. Sanandiyang'ane. Auza mwana wawo: "Auzeni asiye choncho, angoyambitsanso. Bambo amenewa ndakhala nawo moyo wanga wonse, ndikudziwa zimene akunena."

Ndayambitsanso. Malemu akatsegula pakamwa, mawu akutuluka mwa akazi awo. Malonje, kuthokoza ankhoswe, kuthokoza mpingo, ndi katsokomola kawo kaja pomwe pamalo pake. Azakhali a ku Malawi ayamba kulira. Kenako apongozi akuti: "Apa akunena kuti Yohane asiye kugulitsa mtedza wa amake ukadali m'munda." Pa ukwati wanga? Nthawi imeneyo a Yohane anali asanayambe n'komwe malonda! Koma malemu akuloza chala ndithu, ndipo chikuloza mbali yomwe akhala a Yohane. Anthu aseka misozi ili m'maso. Ndani angatsutse munthu amene tangomuvundukulira chiliza?

Ndiye pafika paja. Malemu akuyenda, akundigwira paphewa. Apongozi akweza mawu:

"Apa akuti, uyu si mkamwini, ndi mwana wanga."

Ndendende, osaphonya liwu. Zaka zonsezi ndimayesa ndine ndekha amene ndinasunga mawu amenewo. Nthungululu zalira, ine ndaweramira pa mabatani ngati ndikukonza kanthu, kuti anthu asaone maso anga.

Pachithunzi malemu abwerera kale pampando, akumwa fanta. Koma apongozi sanamalize. "Ndipo akuti, poti ndi mwana wanga, munda wa kudambo uja azilima ndi iyeyu, chaka ndi chaka."

Munda wa kudambo! Uja wa nsenjere zotalika kuposa munthu, umene ana awo onse akhala akuuthawa chimwalirire malemu! Woyamba kuwomba m'manja ndi a Yohane. Abwera kudzandigwira chanza, akuti: "Ndamva ndi makutu anga, achimwene."

Lamulungu

Tabwerera ku Katete. Msana ukuwawa kale, munda ndisanaukhudze. Mayeso ndiyambanso kulemba ndi dzanja.

Potuluka m'tchalitchi a Mbewe andithamangira, akuti apeza chomwe chinavuta, ndi mzere umodzi wokha, abwera madzulo kudzakonza. Ndinali pafupi kuvomera, amake Tamanda andikoka malaya. Ali ndi uthenga wina wa kumudzi, anaupatsidwa tikukwera galimoto.

"Amayi akuti musaikonze. Pa Khirisimasi mubwere nayo momwemo. Atate akadali ndi mawu okhudza denga la khitchini."

Ndawauza a Mbewe kuti asavutike. Mawa ndikaweruka ndikagula khasu.