Tsiku limene ndinavinitsa apongozi

Mukandiona ndikadali pachikamwini ku Ludzi, musafunse zambiri. Linandimanga ndi liwu limodzi la Chingerezi.

Ndinkafuna chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu ku Kapondo, kumene munda wanga unkangomera thengo. Tsono apongozi anga aakazi anakhalitsa ku Zambia, Chingerezi amachikonda ngati tiyi wamkaka. Ndinati ndikakawalonjera m'Chingerezi mtima wawo ufewa (paja nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi).

Mkazi wanga ndi mphunzitsi. Anati, "Apongozi aakazi amati mother-in-law. Liwuli lili ndi zidutswa zinayi, bambo a Chisomo. Muziwomba m'manja pa chidutswa chilichonse."

Ndinawomba: ma-za-i-ni-lo. Zisanu.

"Chachisanucho mwachitola kuti?"

"Chabwera chokha, mayi."

Ndinayeserera m'chigafa mpaka fodya anauma. Manja anagwira zinayi, pakamwa panakakamira zisanu, ndipo popanda kuwomba liwulo silinkatuluka n'komwe.

Tsiku la nkhani abale anadzaza bwalo. Ndinagwada chapatali monga mkamwini waulemu, maso pansi, n'kuyamba: pha pha pha pha! Manja anatha, "lo" n'kutsala yekha ngati mwana wamasiye. Ndinabwereza. Anatsalanso. Ndinafulumiza kuti ndimupeze.

Kalanga ine! Kuwomba kotsimphina kumeneko ndi ndendende mmene amayi a kuno amayambira chimtali. Azakhali a mkazi wanga anangoti, "Iii, akamwini atiyambira!" n'kulandira. Nthungululu inalira. Wina anathamangira ng'oma. Ine thukuta kamukamu, ndikukuwa "mazainilo" kuti andimve, iwo n'kumayankha "lo, lo!"

Ankhoswe anga, amene anabwera kudzandilankhulira, ndinawaona atavula jekete ali pakati pa bwalo. Apongozi nawo anamanga chitenje m'chiuno, ine ndili chigwadire (mkamwini saimirira apongozi akuvina, komanso sayang'ana). Manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Fumbi litatsika, apongozi anapukuta nkhope n'kuuza ankhoswe aja m'Chichewa choyera, popanda liwu la Chingerezi ngakhale limodzi: "Chitengwa tikanapereka lero lomwe. Koma mkamwini wodziwa kuyambitsa nyimbo chonchi, tingamutaye? Ukwati wa mwezi wamawa adzatiyambira ndani?"

Munda wa ku Kapondo pano akudyamo mbuzi. Ana akandiona amawomba m'manja. Chingerezi ndinachisiya, koma usiku wina mkazi wanga anandigwira ndikuwomba m'manja n'kumabwebweta liwu lija kutulo. Akuti zinali zisanube.