Mtondo wovala duku pa TV

Linali Loweruka, 3 koloko masana, pamene ndinasowa pobisa nkhope m'nyumba mwanga momwe.

Zinayamba ndi foni yanga, imene inali itadzaza ndi mavidiyo a mwana wathu Asiyatu. Bambo ake anati, "Amake Asiyatu, kaguleni kumsika wa Balaka kabokosi kolumikiza ku TV. Amayi akabwera kuchokera ku Chikweo adzaonere mdzukulu wawo pachinthu chachikulu."

Wogulitsa anandionetsa tiwiri. Kena n'kongoonera mafilimu a pa intaneti, kena kali ndi mosungira ndipo kamakoka zamufoni popanda waya. Ndinaloza kachiwiriko. Akukalumikiza ndi foni yanga anafunsa, "Mayi, kazikoka zonse kapena muzisankha nokha?"

Kumbuyo kwanga kunali anthu akudikira, ndiye ndinangoti, "Zonse." (Ine munthu akandiyang'ana m'maso ndimavomera chilichonse.)

Tsono apongozi anga amacheza m'Chiyao, Chichewa amangochigwiragwira. Ine Chiyao ayi. Akabwera ndinkangogwada n'kumwetulira, mpaka anauza mwana wawo kuti mwina sindiwafuna. Zinandiwawa, ndiye ndinayamba kuphunzira mobisa. Ndinkaveka mtondo chitenje ndi duku n'kuupatsa moni, foni ikujambula kuti ndizidzimva.

Loweruka lija apongozi anakhala pamkeka, bambo ake Asiyatu n'kuyatsa TV. Asiyatu akukwawa. Asiyatu akulimbana ndi mango. Agogo ake kuomba m'manja. Kenako panatulukira mtondo, utavala bwinobwino.

Ndinadziona ndikuugwadira. "Ajimwiche uli, amama?" (Ndiye kuti mwadzuka bwanji.) Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma ndinadzionanso ndikuthamangira kuseri kwa mtondo kukadziyankha ndi mawu a apongozi, kuphatikizapo kachifuwa kawo kaja, khoo khoo!

Ndinalumphira rimoti kuti ndizimitse. Ndinadina pokweza mawu.

Mwamuna wanga anatuluka panja, mapewa akugwedezeka. Apongozi anayang'ana TV, n'kuyang'ana ine.

"Ameneyo ndine?"

"Iyayi amayi, ndi mtondo."

"Nanga dukulo si langa lija ndinaiwala kuno?"

Ndinangozyolika, ndikudziwa kuti basi, sadzapondanso pakhomo pano. Ndiye ndinamva kuseka. Apongozi anaseka mpaka kachifuwa kenikeni kanawagwira.

"Bwezerani, ndidzionenso," anatero akupukuta misozi. Titabwereza anandigwira dzanja. "Ine ndimati simundifuna, kani mumandigwadira tsiku lililonse? Koma mtondo sungakukonzeni, mwanawe. Mawa mubwere kwa mwini wake."

Kabokosi kaja mpaka lero kakukokabe zonse. Kubwerera kwa wogulitsa kuti akasinthe ndikuchita manyazi.

M'mawa mwake ndinachapa duku lija, ndinaliyanika, n'kupita pakhonde pamene apongozi anakhala. Ndinagwada: "Ajimwiche uli, amama?"

Anandiyang'ana kaye, n'kutsokomola dala, khoo khoo, kenako anandiyankha.