Chumuni cha a Holroyd

Inu, kuumira kuli ndi malire, koma a Norman Holroyd malirewo anawadutsa kalekale osawaona n'komwe. Mkuluyu atapuma pa ntchito analowa kalabu ya madoda a ku Halifax, ku Mangalande, amene amayendetsa timasitima ta malasha kupaki Lamlungu lililonse, munthu waimvi atakhala pambuyo pa kainjini kakakulu ngati mbuzi. Kawo anakagula kwa mayi wina wamasiye kali dzimbiri lokhalokha, ndipo anakapala zaka ziwiri. Kanali kakuda, koma iwo anafuna kofiira, kuti a Cyril Dyson, mnzawo wamatama wa kainjini kobiriwira, asowe chonena.

Vuto linali penti. Penti wa injini amafunika kumuwotcha kuti agwire, apo ayi amatuluka matuza moto ukangoyaka. Amisiri atatchula mapaundi zana, a Holroyd anatsala pang'ono kukomoka, ndipo maso awo anagwera pa uvuni wa akazi awo.

Komatu mayi Beryl anali atanena kale, tsiku limene anapeza mawilo a kainjini m'makina otsukira mbale. "Chitsulo chanu chikadzalowanso m'khitchini muno, ndiitana ogula zitsulo zakale adzatenge kainjini konse." Mayiwa sanali olankhula kawiri.

Loweruka mayi atapita kukakonzetsa tsitsi, a Holroyd anandandalika zitsulo zawo zopenta pa thireyi ya makeke, kulowetsa mu uvuni, mazenera onse kutsegula. Posakhalitsa a Cyril anatulukira, nasuzumira pagalasi la uvuni, n'kunena kuti kufiira koteroko n'kwa bokosi la makalata, osati sitima. Mkangano unabuka, nthawi inaiwalika, mpaka anangomva galimoto ya mayi ikuima pageti.

Tamverani zimene zinachitika. A Holroyd anazula thireyi ndi manja opanda nsalu, zala n'kupsa, potuluka khomo lakuseri anapunthwa pa mphaka, zitsulo mbwee mu udzu. A Cyril, pofuna kuthandiza, anatolera zina m'chipewa chawo, chipewa n'kubooka. Atafika kushedi kosungira kainjini anawerenga: denga lilipo, mbali zilipo, chumuni palibe. Masiku atatu mkuluyu anakwawa pa kapinga, akumauza akazi awo kuti akuzula udzu woipa.

Sabata yomweyo mayi Beryl anaphika keke yokagulitsa kutchalitchi. Abusa analuma kamodzi, anayamikira misozi ikulengeza, kenaka anatembenuka n'kulavulira m'kampango. Keke yonse inali fungo la penti.

Pa chakudya mayi anafunsa mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunaopsa.

"A Norman, inu odziwa zitsulo, uvuni wanga wadwala chiyani?"

A Holroyd anaika foloko pansi. M'maganizo anaona kale kainjini kawo kali pa lole, zaka ziwiri zikupita nako. Anagwada pa uvuni, kugogoda apa, kununkhiza apo, n'kudzuka ndi nkhope ya dokotala. Anati mawaya apsa m'kati, uvuniwo wakalamba, tsiku lina udzayatsa nyumba.

"Ndiye titani, bambo?"

"Tigula wina," anatero, mawu akutuluka ngati akuwazula dzino.

Kusitolo mayi anadutsa mauvuni otchipa onse osawayang'ana, nakaima pa wa zitseko ziwiri, wowala m'kati, wa mapaundi mazana asanu ndi anayi. A Holroyd analipira akumwetulira mokakamiza. Anadzitonthoza kuti bola kainjini kapulumuka ndipo mayi sakudziwa kanthu.

Tsiku limene uvuni watsopano unafika, mayi anathira tiyi, napisa m'thumba la epuloni, n'kuimika patebulo kachumuni kofiira, konyezimira bwinobwino.

"Chinagubudukira pakona ya uvuni. Ndinachipeza Loweruka lomwelo, chikadali chotentha."

A Holroyd anachizindikira pomwepo. Anatambasula dzanja pang'onopang'ono, koma mayi anafulumira kuchitenga n'kuchibwezera m'thumba.

"Ogula zitsulo sindinawaitane, musade nkhawa. Koma ichi ndiyambe ndasunga ine. Firiji nayonso yayamba kulira modabwitsa, mukamaliza tiyi mukaimvere."