Kabokosi Kochedwa Kudzuka

Inu, tamverani! Ndikanama pano mphenzi indipeze chikhalire. Zonsezi n'zoona, mutu mpaka mchira!

Mlamu wanga uja, wokonza mawailesi, anakwatira mlongo wanga, mayi wa mawu oti akakweza nyimbo agalu amalowa pansi pa bedi. Ndiye mkuluyu anapanga yekha kabokosi kotchedwa kompuresa, koti kazifinya mawu akakula kuti sipika isang'ambike. Kankagwira bwino, koma ukangokayatsa kankayamba ndi kutsokomola: BUU!

“Bambo a mwana,” anatero mlongo wanga, “Loweruka ndikuimba pa mpikisano, ndipo sipika ya kwaya ndi imodzi yokhayo. Kabokosi kanuka kakandichititsa manyazi, muzigona nako.”

“Mayi, n'zazing'ono izo. Ndiikamo rileyi.”

“Ndiye ndani ameneyo?”

“Kaswichi kodzitseka kokha. Tikayatsa, mawu azilambalala bokosi masekondi atatu, litsokomole palokha. Kenako kazilira kuti thi, mawu n'kulowa.”

Tsono choyeza masekondiwo ndi kapasita, kanthu kochepa ngati njere ya nyemba. Koma mlamu kugula? Aaa! Anakazula ina m'makina akufa owotcherera zitsulo, yaikulu ngati chitini cha penti, n'kuimangirira pambali ndi lamba wa thalauza.

“Chachikulu sichinama,” anatero.

Anayatsa. Phee. Kutsokomola kulibe.

“Nanga thi uja ali kuti?” anafunsa mkazi.

“Zipangizo zapamwamba sizisokosa, mayi.”

Loweruka holo inadzaza. Mlamu anakhala pambali pa nsanja atavala tayi, chala pa swichi ngati woyendetsa ndege. Anayatsa, anawerenga mpaka atatu, n'kukweza chala chachikulu kwa mkazi wake.

Abale inu, bokosi linali lidakagona! Chikapasita chija chinali chikumwabe magetsi pang'onopang'ono ngati nkhalamba pa tiyi wotentha, mawu akungolambalala osafinyidwa. Vesi yoyamba sipika inanjenjemera. Vesi yachiwiri sipikayo inayamba kuyenda yokha. Mlongo wanga atakoka mpweya n'kukwera pamwamba penipeni, inangoti PHWAA! Chipepala cha m'kati chinauluka n'kukakhala pamutu pa woweruza ngati chipewa.

Holo yonse zii. Mlongo wanga kukamwa kudakali yasa, woyang'anira kwaya atagwira kumutu. Ndiye m'katikati mwa bata limenelo munamveka kamawu kaulemu:

Thi.

“Yalowa!” anakuwa mlamu, akudumpha ndi chimwemwe. “Mwaimva? Yagwira! Mayi, tayambiraninso!”

Mlongo wanga anatsika pansanja pang'onopang'ono, maiki ili m'manja. Mawu amene anamuuza sanafune sipika, ndipo palibe kompuresa pansi pano ikanawafinya.

Mpaka lero mlamu akugona ku shopu, pabenchi, mutu atatsamiritsa pa chikapasita. Akuti mkazi wake nayenso ali ndi rileyi, angodikira kuti alire thi. Sabata yachitatu ino.

Za chipewa cha woweruza zokhazo ndawonjezera ine. Chipepalacho chinagwera m'jagi ya madzi.