Foni Yanga Ili kwa Inu, ya Amayi Ili kwa Ine

Wolemekezeka Bwana Mkulu,
Kampani ya Mafoni ya Mtambo Woyera,
Taipei.

Bwana,

Pepani pokutayitsani nthawi. Ndine Liao Mei-chun wa ku Keelung, munthu wamba woperekera anthu zakudya pa njinga yamoto. Ku yunivesite ndinaphunzira zamalamulo zaka ziwiri zokha n'kusiya, choncho mwina kabuku kanu ka waranti ndinakamva molakwika. Ndinkayesa kuti mawu akuti "tidzakonza ulere m'chaka choyamba" amatanthauza kukonza. Lero foni yanga yatha masiku makumi anayi ndi limodzi ili m'manja mwanu, ndiye ndati ndithokoze.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa kulemekeza lisiti. Foniyo itazima, ili ndi miyezi isanu yokha, ndinapita nayo ku ofesi yanu ya pafupi ndi siteshoni ya sitima. Bambo Chuang a pakauntala anafuna lisiti. Ndinawauza zoona: amayi anga, monga nkhalamba zonse za mumsewu wathu, amatolera malisiti onse a m'nyumba n'kukawaponya m'bokosi la ana amasiye pa sitolo ya pakona, kuti nambala ya palisiti ikapambana pa maere a boma, mphotho ipite kwa anawo. Bambo Chuang anamwetulira nati, "Ndiyetu Azakhali, kauzeni ana amasiyewo akukonzereni."

Azakhali! Ine wa zaka makumi atatu ndi zitatu, pomwe iwowo tsitsi linawathawa kale pakati pamutu. Komabe ndinagoma ndi kompyuta yanu. Imakumbukira tsiku langa lobadwa n'kunditumizira uthenga wotsatsa foni yatsopano, koma tsiku limene inandigulitsa yakaleyi inaliiwaliratu. Ndinazungulira sabata yathunthu kufuna lisiti lina kusitolo kumene ndinagula. Nditalipeza, munavomera kulandira foniyo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kadontho kofiira. Patapita masabata atatu munandilembera kuti akatswiri anu apeza kapepala kam'kati mwa foni katafiira, kusonyeza kuti munalowa chinyezi, ndipo za chinyezi waranti siizidziwa. Bwana, kuno ndi ku Keelung. Mvula yathu imameretsa nkhungu pa nsapato munthu uli chivalire. Ngati mafoni anu amaopa chinyezi, munatsegula ofesi kuno kuti mugulitse ndani? Pa chikwangwani chanu cha padoko pali mtsikana akujambula nsomba pansi pa nyanja ndi foni ngati yangayo. Tsiku lililonse ndimamudutsa nditanyowa, n'kumamufunira mafuno abwino. Nditadandaula, munati foniyo yapita kukaunikidwa kachiwiri. Ikuunikidwabe.

Chachitatu sindikudziwa kuti ndithokoze motani. Ntchito yanga yonse imadzera pa foni, choncho m'mawa uliwonse ndimatenga ya amayi. Amayi ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, miyendo inafooka, ndipo timakhala m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni, popanda chikepe. Mnansi wathu yekhayo amene amakhalapo masana, Gogo Hsu, samva ngakhale mabingu. Lachinayi lapitali ndinafika madzulo n'kupeza amayi ali gone pansi m'khitchini, ketulo itauma pamoto. Anagwa nthawi ya nkhomaliro. Nditayamba kulira anandikalipira, amvekere, "Iwe Mei-chun, usandisokose, ndimangopumula. Pansipa m'pozizira bwino."

Ndinakawafotokozera Bambo Chuang zimenezi. Anandimvera chisoni kwambiri, mpaka anandionetsa foni yanu imene yangotuluka kumene. Bwana, ndikanakhala munthu wogula mafoni awiri pa chaka, sindikanamayenda pamvula nditanyamula msuzi wa anthu ena.

Musaganize kuti ndikukufulumizitsani. Akatswiri ndi akatswiri, ndipo kadontho kofiira kamafunika kukayang'anitsitsa. Pempho langa ndi laling'ono. Mpaka tsiku limene adzamalize, muzibwera inuyo kudzakhala ndi amayi, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka ine nditaweruka. Masitepe ake alipo makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi, koma pa munthu wozolowera kukhala pamwamba ngati inu, amenewo si kanthu. Adzakuphikirani tiyi ndipo adzakufunsani ngati muli pabanja. Akagwa, muziwadzutsa powagwira m'khwapa, osati kuwakoka dzanja, ndipo musamale chiuno cha kumanzere. Zikavuta, imbani ambulansi. Mubwere ndi foni yanu. Ndikukhulupirira kuti yanuyo imagwira ntchito.

Ndine wanu wodzichepetsa ndi woleza mtima,

Liao Mei-chun,
Keelung.